Ukakhale Pansi, Tumpale

Nthalire, Lachisanu masana

Tumpale mwana wanga,

Ana aweruka, pasukulu pangoti zii, ndipo ine ndatsalira muofesi muno kuti ndikulembere. Iwe uli kunyumba ukusita zovala, pafupi poti nditakuwa ungandimve. Koma ukundidziwa bambo ako. Pamaso pako ndimadziwa kulamula basi, kulankhula kumandikanika. Mawa m'mamawa ukwera lole ya ku Boma, kenako galimoto ya ku Karonga, kukoleji ya uphunzitsi, ndiye ndati zimene zakhala zikunditsamwa zaka zitatu zonsezi ndizitule papepala.

Ndiyambe ndi chimene chandikhazika pano. Dzulo ndinatsegula Baibulo la malemu mayi ako, ndipo munagwa kalata ija adokotala anakulembera kuti ukapereke kwa akuluakulu a koleji, yofotokoza za mtima wako. Unaipinda kanayi n'kuibisa mmenemo, podziwa kuti Baibulolo silipita nawe, komanso kuti ine sindilitsegula kawirikawiri. Unawerengera bwino, unangolakwitsa tsiku. Nditakufunsa unandiyankha osandiyang'ana, unati, "Adada, kumene ndikupitako kulibe amene akundidziwa. Ndikufuna ndikakhale munthu wamba, osati uja wokomokakomoka." Kalatayo ndinaiika m'thumba. Sindinakukalipire, ndipo pano sindikukalipira, chifukwa amene anakuphunzitsa kubisa ululu ndi ine ndemwe. Chimene ndikuopa ndi chimodzi chokha: kuti udzagwa pamalo pamene palibe munthu ngakhale mmodzi wodziwa chimene chakugwetsa.

Sindinakuuzepo za msewu wa kwathu ku Ntcheu. Masiku a chipani chimodzi, ndili mphunzitsi wongoyamba kumene, tinkatulutsa ana m'makalasi kukandanda m'mbali mwa msewu kudikira akuluakulu odutsa. Tinkaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, opanda madzi, opanda mthunzi. Tsiku lina kamtsikana ka sitandade faifi kanagwa pafupi ndi ine. Sindinakafunse dzina, sindinakapatse madzi. Ndinakakokera kuseri kwa tchire kuti mzere uoneke wowongoka, ndipo madzulo ake ahedi anandiyamikira kuti ndine mnyamata wochangamuka. Zipani zambiri zitabwera, chaka chomwecho ananditumiza kuno, ndinavina nawo ngati wina aliyense kuti zoimaima zatha. Bodza. Msewu uja ndinabwera nawo m'mutu, n'kuuyala pabwalo la sukulu ino. Ukudziwa dzina limene ana anandipatsa, lakuti a Chiimire. Ndinkanamizira kuti sindikulidziwa, koma pansi pa mtima ndinkalinyadira.

Kenako kunabwera kolona uja, iwe uli folomu 3. Tinadwala tonse awiri. Ine patatha sabata ndinali nditayamba kale kukalipa, iwe unagona masabata awiri thupi lili moto. Kutentha kutatha tinati wachira, tinapha nkhuku. Koma sunadzukenso yense. Ukaima kutsuka mbale umati mtima ukuthamanga ngati ufuna kutulukira pakhosi, m'maso mwachita mdima, mapazi akuda bii. Ukagona pansi zonse zimatha, umaseka bwinobwino. Katatu konse tinapita kuchipatala chaching'ono cha kuno. Malungo mulibe, magazi ngokwanira, pachifuwa mpoyera. Ndiye ine mphunzitsi wa masamu ndinawonkhetsa ndekha: matenda obwera munthu akaima pantchito, n'kuchoka akagona pamphasa, dzina lake ndi ulesi. Ndinakuuza choncho pamaso pa anzako obwera kudzakuona. Mwana wanga, ukakumana ndi anthu owonkhetsa ngati mmene ndinachitira ine, ndipo adzakhala ambiri, usakawathandize pokhala chete.

Za Lolemba lija la pa asembule ukuzikumbukira kuposa ine, koma undilole ndizilembe, poti sindinazitchulepo chichitikireni. Ndinali pakati pa kulankhula za ana ochedwa pamene ndinakuona wanjuta pamzere wa atsikana. Ana ena anatembenuka kukuyang'ana, kenako anayang'ana ine. M'mutu mwanga munalibe za iwe, munali za ine ndekha, kuti anthu aziti ahedi amakondera wawo. Ndinakuitana kutsogolo. Unabwera ukudzandira, n'kunena motsitsa kuti, "Adada, chonde, ndikhaleko pang'ono waka." Ndinakuyankha mokweza kuti aliyense amve, kuti pano palibe adada, pali ahedi, ndipo uima pomwepo mpaka ndimalize. Unaima pansi pa mtengo uja timapachikapo limu ya galimoto yoimbira belu. Ndinatalikitsa dala zolankhula zanga. Ndinkakuona m'mbali mwa diso, milomo itayera, ukulimbalimba kuti usandichititse manyazi. Unandimvera mpaka pomaliza. Pogwa unamenyetsa chipumi pamwala umene timagogodera limuyo, ndipo chipsera chake n'chimene umakokerapo mpango mpaka lero. Tsiku lililonse belu likalira ndimamva mutu wako ukugunda pamwala paja.

Ukadaganiza kuti magazi amenewo ananditsegula maso. Ayi ndithu, anangonditembenuzira ku cholakwa china. Ndinavomera kuti ndi mtima, ndipo m'nyumba mwathu liwu lakuti mtima linali ndi tanthauzo limodzi. Mayi ako anagwa ndi BP ali kumunda wa nyemba, iwe uli ndi zaka khumi, ndipo anamwino anandiuza kuti mchere ndi umene unkawawonjezera matenda. Ndinaudana nawo mchere ngati munthu. Tsono pomva kuti mtima wa mwana wanganso ukuthamanga, sindinafunse aliyense. Ndinanyamula mchere wonse wa m'nyumba n'kudzautsekera m'dilowa ili pamaso pangali, momwe ndimasungira mapepala a mayeso. Miyezi isanu ndi iwiri unadya ndiwo zozizira, ine ndikudya nawe zomwezo n'kumadziona ngati bambo wachikondi. Iwe unkangofookerafookera, ine n'kumati ndiye kuti mchere sunatheretu m'thupi. Safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi mwana.

Choipitsitsa ndi ichi, ndipo dzanja likukana kulemba. Tsiku lina ndinakupeza kuseri kwa khitchini ukunyambita mchere m'chikhatho, umene unapempha kwa akazi a aphunzitsi anzanga. Ndinaphatikiza zinthu: mtsikana wa msinkhu wako, kukomoka, nseru ya m'mawa, tsopano kulakalaka mchere. Ndinakufunsa kuti mwini wake ndani. Sunamve msanga chimene ndinkatanthauza, ndipo utamva sunalire, unangondiyang'ana ngati ukuona mlendo. Ndinaitanitsa mayi ako aang'ono a ku Lufita, a Nakamba, kuti adzakufunse zachizimayi. Anakhala nawe m'chipinda kanthawi, kenako anatuluka n'kundiimirira pakhomo, mayi amene sanandikwezerepo mawu chikwatireni mkulu wawo. Anati, "A hedi, mwana uyu alibe mimba yayi. Akudwala nadi. Imwe mwasambira chomene, kweni simukuona. Machero nkhumutola ku Boma, mufune musafune." Ngakhale ine wa ku Ntcheu ndinamva: ndaphunzira kwambiri koma sindikuona, ndipo mawa lake akukutengera ku Boma. Kuyambira tsiku limenelo unasiya kundiuza ukamva kuwawa. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Sindikupempha kuti uiwale.

Ku Boma ndinakutsatirani mwamanyazi, msewu wonse wa mabampu uja iwe utagona pamiyendo pa a Nakamba pamwamba pa matumba a chimanga. Adokotala amene anatilandira, mayi wamfupi wa kumwera uja, sanatulutse makina aliwonse odabwitsa. Anamvetsera nkhani yako yonse osakudula, chinthu chimene ine ndinali ndisanachitepo. Kenako anakugoneka pabedi mphindi khumi, n'kuwerenga kugunda kwa mtima ndi wotchi yawo ya pamkono. Anapeza 76 pa mphindi imodzi. Anakuimiritsa, anadikira pang'ono, ndipo anagwira zala zanga n'kuziika pamtsempha wa pamkono pako. Anati, "Aphunzitsi, werengani nokha." Ndinayamba bwino, koma ndinasokonezeka ndisanafike pakati, chifukwa chinali kuthamanga ngati mwanapiye wogwidwa m'manja. Iwo anapeza 138, munthu wangoima chabe, sanathamange, sananyamule kanthu. Pamenepo ndinakumbukira kuti pansi pa mtengo paja ndinakuimika nthawi yoposa pamenepa kanayi.

Anatifotokozera mosavuta. Anati kwa anthu ena matenda ngati aja akapita amasiya mitsempha itaiwala ntchito yake. Munthu akaima, mitsempha ya m'miyendo imayenera kufinya kuti magazi akwere kumutu. Yako siifinya mokwanira, magazi amatsalira kumunsi, ndiye mtima umathamanga kuti upulumutse mutu. Anakuyeza BP kangapo n'kunena kuti siyokwera ngakhale pang'ono, si matenda a mayi ako, ndipo kwa iwe madzi ambiri ndi mchere ndiwo mankhwala oyamba. Anafunsa kuti, "Kunyumba mumadya mchere wokwanira?" Kiyi wa dilowa anali m'thumba langa la malaya. Iwe unayang'ana pansi n'kunena kuti, "Timadya." Unandibisa, mwana wanga, monga momwe ukufunira kudzibisa wekha tsopano. Ndinafunsa ngati udzachira. Anati, "Sindikunamizani. Ena amachira, ena zimachepa pang'onopang'ono, ena amakhala nazo. Sindikudziwa kuti wanuyu ali mbali iti." Papita zaka ziwiri ndi theka, ndipo mbali imene ulipo tonse tikuiona, ngakhale sitiitchula.

Ngakhale pamenepo ndinalakwanso, poti chitsiru chikalapa chimalapa mothamanga. Adokotala anatchula zolimbitsa thupi, ine ndinangomva mawu awiriwo n'kusiya ena onse. Ndinakudzutsa kuti tikwere chitunda cha kuseri kwa sukulu, ine patsogolo ndikuwerenga masitepe ngati msilikali. Unakwera, poti ndiwe mwana womvera. Unagona masiku anayi osatha kudzutsa mutu. Chonsecho iwo ankanena zoyamba utagona chagada pamphasa, kukweza miyendo, kupalasa m'mwamba ngati uli panjinga, pang'ono lero, pang'ono mawa. Tsono tsiku limene udzadzuke uli bwino, usadzalipsere mtima n'kuchapa zovala zonse, kukolopa, kuthamangira kumsika. Tsiku labwino ndi limene limakupusitsa. Uchite theka la zimene ukuona kuti ungathe.

Zina zonse ukuzidziwa kuposa ine, koma ndine mphunzitsi, kubwereza ndi matenda anga. Usanatsike pabedi m'mawa, imwa madzi, khala tsonga kaye, upondeponde mapazi, kenako uime. Botolo lisachoke m'manja, ndipo usachepetse kumwa poopa kutuluka m'kalasi pafupipafupi. Ukafika upemphe njerwa zinayi uike kumiyendo ya bedi ya kumutu, monga tinachitira kuno, ngakhale anzako aseke. Masokosi othina aja othandiza magazi kukwera uzivala, ndikudziwa kuti ngoipa m'maso ndipo kumeneko adzakuwotcha, koma uzivala. Usadye zambiri nthawi imodzi. Usasambe madzi otentha, ndipo kubafa usakhome chitseko, chonde usakhome, uuze mnzako mmodzi kuti walowa. Pamzere wa chakudya kapena kutchalitchi panyimbo zazitali, ukamva makutu ayamba kulira, usadikire mdima. Pingasa miyendo, limbitsa ntchafu, ndipo zikakana ukhale pansi pomwepo, kaya ndi pafumbi, kaya ndi pamaso pa yani. Timapiritsi tochepetsa liwiro la mtima tija usatisiye wekha, usationjezere wekha, ndipo tikatsala pang'ono upite kuchipatala tisanathe. Wina akakupatsa mapiritsi ake a BP mwachifundo, ukane. Ndipo padzapezeka munthu wabwino mtima amene adzakuone ukuthira mchere wambiri n'kukulanda kuti akupulumutse. Munthu ameneyo ndimamudziwa bwino. Umuonetse kalata ya adokotala.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Tumpale. Kuno ukagwa, mwana aliyense wa folomu 1 amadziwa kuti akugoneke chagada, akweze miyendo yako pampando, asakuthire madzi kumaso, asakuimiritse. Kumeneko ndani? Adzakudzutsa msangamsanga n'kukukhazika tsonga, adzakuunjirira, wina adzati ndi ziwanda, wina adzati ndi mimba, monga ananenera bambo ako okubereka. Kuchipatala adzakuyeza malungo utagona, adzapeza zonse zili bwino, n'kukubweza. Matenda akowa amabisala munthu akagona. Amaoneka pokhapokha wina atadziwa kuti akuimiritse n'kuwerenga, ndipo amene angawauze zimenezo ndi iwe kapena pepala lija.

Makolo anzanga polemba makalata otere amamaliza ndi kunena kuti zonse zidzakhala bwino. Ine ndayesa kulemba mawu amenewo, cholembera chakana. Sindikuona mmene zidzakhalire bwino. Kuno kumazizira, koma mwezi wa Okutobala umakugonetsa. Nanga ku Karonga, kumene munthu wabwinobwino amatuluka thukuta atangokhala pamthunzi? Ndipo pa ntchito zonse za pansi pano wasankha yoimirira. Ndikuidziwa ntchito imeneyi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikulowa m'makalasi a aphunzitsi anga ndi kope m'manja, ndipo ndikapeza wina akuphunzitsa atakhala ndinkalemba ndi inki yofiira kuti mphunzitsi wabwino sakhala pansi. Ndinalembera amayi oyembekezera, ndinalembera mkulu wina amene miyendo inkatupa. Amene adzabwere kudzakuyesa pophunzitsa anaphunzira kwa anthu ngati ine. Ndimagona ndikuwaona atakhala kumbuyo kwa kalasi yako ndi kope, iwe uli kubolodi, choko m'manja, milomo ikuyera, ukulimbalimba kuti usachititse munthu manyazi. Ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa foni ya nambala yachilendo. Ndinaika kale mayi ako m'manda a kuno, dziko la eni, ndipo mphamvu zoperekezanso wina ndilibe.

Ndinafuna kukuletsa. Ndinapita mpaka ku Lufita kukapempha a Nakamba kuti andithandize kukunyengerera ukhale. Anandiseka. Anati, "Mwamuimika, mwamulanda mchere, sono mukufuna mumutsekere m'dilowa nayenso? Mulekeni alute." Ananena zoona. Ukakhala pano udzakhala wamoyo pakhonde, ukuyang'ana ana a eni akupita. Ukapita sindikudziwa. Njira zonse ziwiri zikundiwawa, ndipo yoti ndikusankhire palibe.

Mpando uja ndinakhomesa kwa mmisiri wa pamsika, wamiyendo yaitali kuti uzifikira bolodi utakhala, waukana. Wati ungakwere nawo bwanji palole, anthu aziti chiyani. Chabwino, ndaumva. Mpandowo uli muno muofesi, ndipo ndi umene ndakhalira polemba kalatayi, ngakhale ukundipweteka msana. Ukudziwa kuti masiku ano pa asembule ana amakhala pansi paudzu, ndipo aphunzitsi amanong'onezana kuti a Chiimire akalamba. Anene. Ana a eni mazana atatu akukhala pansi Lolemba lililonse chifukwa cha chipsera chako, koma iwe amene unachilipira sunapindulepo kanthu. Akulu amati mawu awo amakoma akagonera. Anga agonera zaka zitatu ndipo akungowawirawawira.

M'ngodya ya sutikesi yako, pansi pa nsalu ya mayi ako, ndaikamo paketi ya mchere. Ndikudziwa kuti ku Karonga mchere uliko, usandiseke. Ndimafuna kuti kamodzi kokha uulandire kuchokera m'manja mwanga. Kalata ya adokotala ili mu envulopu momuno, ndaiwongola ndi simbi pamene unapinda. Sindingakukakamize kuipereka. Ukhoza kuing'amba lole isanafike pamlatho woyamba, ine osadziwa, ndipo mtima wanga ukundiuza kuti mwina udzatero, chifukwa ndinakuphunzitsa bwino kwambiri. Pa maphunziro onse amene ndinakupatsa, limene linalowa mpaka m'mafupa ndi lolakwikalo.

Koma tamvera. Tsiku lija ndinakulamula kuti uime, ndipo unandimvera mpaka unagwa. Ngati mwa iwe mwatsala kakumvera kena kalikonse ka bambo wopusayu, ndikukapempha kamodzi komaliza. Upereke kalatayo tsiku loyamba, usanamasule n'katundu yemwe. Uuze amene ukagone naye chipinda chimodzi. Ndipo mdima ukayamba m'maso, usakumbukire nkhope yanga ya pa asembule paja.

Mawa sindidzatha kunena chilichonse cha izi. Ndidzakufunsa ngati watenga chiphaso, ndidzakalipira wa lole kuti wachedwa, ndidzakugwira dzanja ngati mlendo. Lole ikanyamuka ndidzatsala chiimire pamsewu mpaka fumbi litatha, ndipo mwina kupitirira pamenepo. Kuimako undisiyire ine, ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa. Iwe, Tumpale, ukakhale pansi.

Ndine bambo ako,
amene unkawatcha adada ngakhale pamene sanali oyenera.